Kuona Maso a Nkhono

Makolo athu adati: kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi uwu timaudziwa tonse. Nkhono ili ndi tinyanga tinayi. Maso ake ali kunsonga kwa tinyanga tiwiri titalitali tapamwamba. Munthu akaikhudza, imabweza tinyangato n'kulowa m'cigoba. Wopupuluma amangoona cigoba. Wodekha amakhala pansi cete mpaka nkhono itatulutsanso mutu.

Lero tifunse funso limodzi pa mwambi umenewu. Munthu akalephera kuona cinthu bwinobwino, vuto limakhala pati? Lili pa cinthu coonedwaco, kapena lili pa iye woonayo? Funso ili lingaoneke ngati la anthu a masukulu akuluakulu. Koma ife tiliyankha ndi zinthu za kwathu konkuno: munda wa cimanga, mbozi, ndi foni yokhala ndi kamera.

1. Mbozi yacilendo

Kuno ku Ntengo-Wambalame, ndi m'madera ena a Tsangano ndi Macanga, anthu amalima cimanga, nyemba, kacewere, tirigu ndi fodya. Pa zonsezi, cimanga ndico cimasunga banja. Nkhokwe ikadzaza, pakhomo pamakhala mtendere.

Kapuci tidamudziwa kalekale. Amaboola phesi n'kumadya m'kati. Nchemberezandonda nazo tidazidziwa. Zimabwera mwaunyinji, zimadya masamba ndi udzu, kenaka zimatha. Koma kudabwera mbozi ina yacilendo. Kwao kwa mbozi imeneyi ndi ku America. Mu Africa idaoneka koyamba kumayambiriro kwa caka ca 2016, kumaiko a kumadzulo monga Nigeria. Pofika 2017 inali italowa m'minda ya Zambia, Malawi ndi Moçambique. M'Cipwitikizi amaichula kuti lagarta do funil do milho, cifukwa imabisala m'nsonga ya cimanga, mmene mumatulukira masamba atsopano. Ku Malawi, mu Disembala 2017, boma lidalengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 ali pa ngozi cifukwa ca mbozi imeneyi.

Mbozi yacilendoyi ili ndi zizindikiro ziwiri. Pamutu pake pali mzere woyerera wooneka ngati cilembo Y cozondoka. Inu amene mwaphunzira zilembo m'kalasi muno mukuidziwa Y. Pafupi ndi mcira pali timadontho takuda tinayi, toima ngati ngodya zinayi za zenera. Gulugufe wake amauluka usiku. Amaikira mazira pamasamba, mulu umodzi mazira 100 mpaka 200. Dzira limodzi silifika theka la milimita. Kukafunda, mazira amaswa pakapita masiku 2 kapena 3. Kambozi kongoswa kumene n'kakang'ono kuposa njere ya mpunga. Ikakula imafika masentimita 3 kapena 4.

Alangizi a zaulimi ndi ocepa. Midzi ndi yambiri, ndipo nthawi ya dzinja misewu imavuta. Mlimi wa kutali ndi Furancungo sangayembekeze kuti mlangizi afike tsiku lomwelo. Conco ambiri amajambula mbozi ndi foni n'kutumiza cithunzi. Mu 2018 bungwe la FAO lidatulutsa pulogalamu ya pafoni yochedwa FAMEWS, yothandiza kulemba ndi kutumiza zimene munthu wapeza m'munda za mbozi imeneyi.

Tsono taganizani. Mlimi wapeza mbozi, mtima uli m'mwamba. Watulutsa foni, wayandikira, wadina. Cithunzi catuluka ngati utsi. Y sakuoneka. Madontho anayi asakanikirana. Mlangizi akayang'ana, angoona kanthu kobiriwira kapena kotuwa. Akayankha mongoganizira, mlimi angagule mankhwala osayenera. Ndalama zapita, poizoni walowa m'munda, tizirombo tothandiza tafa, ndipo mbozi ikudyabe. Akakana kuyankha, tsiku latayika. Zonsezi zayambira pa dzanja logwedezeka.

2. Dzanja la munthu siliima

Yesani izi muli m'kalasi. Tengani kaudzu katali, kagwireni ndi zala ziwiri, tambasulani mkono. Yang'anani kunsonga kwa kaudzuko. Kakunjenjemera. Yesetsani kukaimitsa. Kakunjenjemerabe.

Awa si matenda, si ukalamba, si mowa. Dzanja la munthu aliyense wamoyo limanjenjemera pang'ono, ka 8 mpaka ka 12 pa sekondi imodzi. Mtima umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi, ndipo kugunda kwake kumafika mpaka kuzala. Mpweya umakweza cifuwa n'kucitsitsa. Munthu akathamanga, akatopa ndi khasu, akakwiya kapena akacita mantha, kunjenjemera kumakula.

Nanga bwanji tikajambula mbuzi kapena nyumba cithunzi cimatuluka bwino? Yankho lili pa kukula kwa cinthu. Mbuzi ili patali, ndipo ndi yaikulu. Dzanja likasuntha theka la milimita, pa mbuzi palibe cimene casintha. Koma dzira la mbozi silifika theka la milimita. Dzanja likasuntha comweco, dzira lonse lacoka pamalo pake, ndipo pacithunzi pamatsala mzere wosadziwika. Kamera ikakuza cinthu, imakuzanso kugwedezeka kwa woigwira.

Pali cinanso. Kamera imatsegula diso lake kwa kanthawi kuti kuwala kulowe. Panja padzuwa kanthawiko n'kocepa kwambiri, monga gawo limodzi mwa magawo 500 a sekondi. Dzanja silinasunthe n'komwe, cithunzi catha. M'nyumba yamdima kamera imatsegula diso nthawi yotalikirapo, mwina gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Pa nthawi imeneyo dzanja lapita ndi kubwera, ndipo ulendo wonsewo walembedwa pacithunzi.

Tisunge lamulo ili: pamene wayandikira kwambiri, kugwedezeka kwako kumaoneka kwambiri.

3. Kulimbitsa kamera

Anthu ojambula tinthu tating'ono adapeza njira. Zambiri sizifuna ndalama.

Njira yoyamba ndiyo kutsamira. Akatswiri amaika kamera pa cipangizo ca miyendo itatu. Amayi akudziwa cifukwa cake. Mphika umakhala pa mafuwa atatu. Pa mafuwa awiri umagwa. Mpando wa miyendo inayi umagwedera pamalo osasalala, koma wa miyendo itatu umakhazikika paliponse. Ife tingaike foni pa njerwa, pa mwala, kapena pa kathumba ka nyemba kapena mcenga. Kathumba n'kabwino cifukwa kamagwira foni mmene mwaiikira. Ngati palibe ciliconse, khalani pansi, gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zitsamire pamaondo.

Njira yaciwiri ndiyo kucotsa dzanja. Kugwedezeka kwakukulu kumacitika pa nthawi yodina. Cala cimene cikulamula kamera kuti ijambule ndi comweco cimene cikuikankha. Conco mafoni ambiri ali ndi kowerengera nthawi. Mumasankha masekondi 3 kapena 10, mumadina, mumacotsa dzanja, ndipo foni imajambula yokha itakhazikika. Makamera ena akuluakulu ali ndi kagalasi m'kati kamene kamadumpha pojambula. Kudumpha kwa kagalasiko kokha n'kokwanira kuononga cithunzi ca kanthu kakang'ono, motero akatswiri amayamba akakweza, n'kudikira, kenaka n'kujambula.

Njira yacitatu ndiyo kufuna kuwala. Tulukani panja. Musajambule m'khichini mwa utsi kapena kukada. Samalani kuti mutu wanu kapena foni yanu isachinge kuwala. Pukutani diso la kamera ndi kansalu kofewa, pakuti thukuta ndi fumbi zimadetsa cithunzi.

Njira yacinayi ndiyo kuchinga mphepo. Kuno kumapiri mphepo siisowa. Inu mungakhale cete ngati mwala, koma tsamba la cimanga likuvina. Mnzanu aime kumene kukucokera mphepo atatambasula citenje. Kapena thyolani tsambalo, muliike m'mbale kapena pa pepala loyera. Mbozi nayo imayenda. M'mawa kukuzizira imayenda pang'onopang'ono, ndiye nthawi yabwino yoijambula.

Njira yacisanu ndiyo kudziwa malire. Foni iliyonse ili ndi mtunda umene siingaone bwino mukaupitirira. Pa mafoni ambiri mtundawo ndi ngati kupingasa kwa cikhatho. Mukayandikira koposa, zonse zimasanduka nkhungu. Bwererani m'mbuyo pang'ono. Khudzani pagalasi pamene pali mutu wa mbozi, dikirani mpaka paoneke bwino. Tulutsani mpweya pang'onopang'ono, ndiye mujambule. Jambulani kasanu, musankhe cimodzi. Ikani kamtengo ka macesi pambali, kuti woona cithunzi adziwe kukula kwa mbozi.

Mafoni ena atsopano ali ndi cipangizo cocepetsa kugwedezeka. Cimathandiza ndithu. Koma pafupi kwambiri mphamvu yake imacepa, ndipo sicingaimitse tsamba logwedezeka ndi mphepo.

4. Amene adayamba kale

Nkhondo yolimbana ndi kugwedezeka idayamba pamodzi ndi kamera. Cithunzi cakale kwambiri ca kamera cimene cilipo mpaka lero adacijambula ndi Nicéphore Niépce ku France, ca m'ma 1826 kapena 1827. Kamera yake idakhala pazenera maola ambiri osasunthidwa. Pambuyo pa 1839, pamene njira ya Louis Daguerre idalengezedwa, anthu adayamba kujambulitsa nkhope zao. Ojambula ankaimika citsulo kumbuyo kwa munthu, cogwira mutu, kuti asagwedezeke.

Kale kuposa pamenepo, mumzinda wa Delft ku Holland, mudali wogulitsa nsalu dzina lake Antonie van Leeuwenhoek. Sadaphunzire ku yunivesite. Ankadzipangira timagalasi tokuza zinthu. Mu 1674 adayang'ana madzi a m'nyanja ina yaing'ono, ndipo adaona tamoyo tosaoneka ndi maso tikusambira. Mu 1676 adalembera akatswiri a Royal Society ku London za tamoyo tina tating'ono koposa. Ambiri adakayika. Iye adaitana anthu odalirika a kwao kuti adzayang'ane okha, ndipo iwo adalemba umboni. Mu 1677 Robert Hooke adabwereza nchitoyo ku London, nayenso adationa. Apa pali phunziro. Leeuwenhoek adaona zoona, komabe zidafunika maso a anthu ena kuti zikhazikike.

Patapita zaka 200, dokotala wa ku Germany, Robert Koch, adaona kuti akatswiri ankakangana cifukwa aliyense ankajambula ndi pensulo zimene akuti waona. Dzanja logwira pensulo lingaonjezere zimene mwini wake akufuna. Koch adalumikiza kamera ku makina okuza zinthu, ndipo mu 1877 adasindikiza zithunzi za mabakiteriya. Mu 1882 adalengeza kuti wapeza kacirombo koyambitsa cifuwa cacikulu. Mu 1880, ku Algeria, Alphonse Laveran adaona kacirombo ka malungo m'magazi a wodwala. Mu 1897, ku India, Ronald Ross adakapeza m'mimba mwa udzudzu. Lero munthu wa kucipatala akaika dontho la magazi pa kagalasi n'kuyang'ana m'makina okhazikika patebulo, akuyenda m'njira imene anthu amenewa adalambula.

Onsewa adali ndi maso ngati athu, ndi manja onjenjemera ngati athu. Adapambana cifukwa adavomera kuti dzanja limanjenjemera, napeza poliika.

5. Mtima nawonso umagwedezeka

Tsopano tibwerere ku funso lathu. Zimene taona pa kamera zimacitikanso pamene munthu akuyang'ana munthu mnzake.

Mlendo akakulankhulani mau okhadzula pa msika wa Biribiri, pofika kunyumba mwaiwala. Mau omwewo akacokera kwa mkazi wanu, kwa mwamuna wanu, kwa mlamu kapena kwa mwana wanu, amakhala mumtima mwezi wathunthu. Mau sadasinthe. Casintha ndi mtunda. Munthu wapafupi timamuona wamkulu, ndipo tikamuyang'ana, mantha athu, nsanje yathu ndi mkwiyo wathu zimakula naye pamodzi. N'cifukwa cake milandu yovuta kwambiri pabwalo la mfumu imakhala ya pacibale: malire a munda, cuma ca masiye, ndalama za fodya.

Tiyerekeze. Bambo wagulitsa fodya, waika ndalama m'cikwama. Patapita mlungu, awerenga, apeza zacepa. Mtima wagunda. M'maganizo mwabwera kale nkhope ya mwana wao wamkulu, amene dzulo adavala nsapato zatsopano. Bamboyo akuti, "Ndaona ndi maso anga." Kodi waona ciyani? Waona ndalama zocepa, waona nsapato. Mzere wolumikiza ziwirizi waujambula ndi mtima wake wogwedezeka. Mwina mwanayo adabadi. Mwina adagwira ganyu kumunda wa kacewere. Mwina amayi adatengapo kukagula feteleza, monga adapanganirana mwezi watha. Cithunzi cili ngati utsi, koma mwini wake akucitenga ngati umboni.

Pali citsanzo coopsa koposa. Mwana watentha thupi, wakomoka, wamwalira. Cisoni ca makolo n'cacikulu, ndipo palibe angawadzudzule cifukwa colira. Koma pa nthawi imeneyo mtima sukhazikika. Wina akumbukira kuti agogo ena apamudzi adadutsa pakhomo dzana. Mau atuluka: ndi mfiti. Nkhalamba yosalakwa ithamangitsidwa, mwina kumenyedwa. Pamene dontho la magazi a mwanayo likadayezedwa msanga, mwina likadaonetsa kacirombo kamene Laveran adaona mu 1880. Cithunzi cogwedezeka ca mbozi cimaononga munda. Cithunzi cogwedezeka ca munthu cimaononga moyo.

Woipitsitsa pa zonse ndi uyu: wogwedezeka sadziwa kuti akugwedezeka. Paja kaudzu kaja mudakagwira mukukhulupirira kuti dzanja lili cete. Wokwiya naye amadziona ngati ndiye akuona bwino kuposa onse.

Njira zolimbitsira kamera makolo athu adazidziwa kale m'nkhani za anthu.

Adadziwa kutsamira. Banja likavuta, mwamuna ndi mkazi saweruzana okha. Amaitana ankhoswe, wakucimuna ndi wakucikazi. Mlandu wa malire umapita kwa mfumu ndi nduna zake. Anthu awiri okangana ali ngati mafuwa awiri. Pamafunika lacitatu kuti mphika ukhale. Mutu umodzi susenza denga.

Adadziwa kucotsa dzanja. Wamkulu amauza wokwiya kuti, "Pitani mukagone, tikambirana mawa." Usiku umodzi umenewo ndiwo masekondi 10 a pafoni aja. Ndipo mwini mlandu sakhala woweruza, pakuti cala codina ndico cimakankha.

Adadziwa kufuna kuwala. Mlandu umakambidwa pabwalo, masana, onse akumva, woimbidwa mlandu ali pomwepo. Nkhani yonong'onezana usiku kapena yokambidwa pa mowa ili ngati cithunzi ca m'khichini mwa utsi.

Adadziwanso malire. Mayi saona bwino zolakwa za mwana wake, ngakhale amamudziwa kuposa aliyense. Wayandikira kopitirira. N'cifukwa cake pa nkhani zina amalume kapena azakhali ndiwo amalankhula.

6. Otsutsa akuti ciyani?

Wina anganene kuti: "Mbozi siidikira. Inu mukuika foni pa njerwa, iyo ikudya. Moyo wa mlimi sufuna anthu ocedwa." Mau awa ali ndi nzeru. Mbozi yacilendo imagonjetseka ikali yaing'ono. Ikakula imalowa m'kati mwa nsonga, imadzikwirira ndi ndowe zake zooneka ngati utuci, ndipo mankhwala saifika bwino. Makolo omwe aja adatinso: zengerezu adalinda kwawukwawu.

Koma tiwerenge bwino. Kupeza njerwa ndi kudikira foni kumatenga mphindi ziwiri. Kutumiza cithunzi coipa, kudikira yankho, kubwereranso kumunda kukajambula kaciwiri, kumatenga tsiku. Wafulumira ndani? Kuthamanga sikufika. Kudekha ndi kuzengereza zimasiyana. Wozengereza sapita kumunda n'komwe, amati ndipita mawa. Wodekha adzuka m'mamawa, ayenda mofulumira, ndipo pofika pa mbozi ndi pamene amaima cete. Kudekha ndi nchito. Kumafuna mphamvu kuposa kupupuluma.

Wina anganenenso kuti: "Pali zoipa zimene munthu ayenera kukwiya nazo. Kodi tikaona nkhanza tizingokhala cete?" Tikumbukire Ricardo Rangel, wojambula zithunzi wa dziko lathu, amene adabadwa mu 1924 namwalira mu 2009. Nthawi ya atsamunda adajambula mnyamata woweta ziweto amene bwana wake adamuocha pamphumi ndi citsulo camoto coikira cizindikiro pa ng'ombe. Munthu aliyense woona zotere mtima umawira. Koma cikadakhala cithunzi cogwedezeka, cipseraco sicikadaoneka, ndipo wankhanza akadakana. Cifukwa cidaoneka bwino, cidakhala umboni umene anthu akuuonabe. Mu 1983 Rangel adayamba kutsogolera sukulu ya ojambula zithunzi ku Maputo, Centro de Formação Fotográfica. Mkwiyo wolungama ungamutume munthu kupita kumene kuli coipa. Akafika, afunika dzanja lokhazikika. Wozunzidwa amathandizidwa ndi mboni imene mau ake sangagwetsedwe.

Wacitatu anganene kuti: "Cabwino, ndadekha, cithunzi catuluka bwino. Tsopano ndadziwa zonse." Apa ndiye tisamale. Kamera ikayandikira kwambiri, imaona bwino kacigawo kocepa kokha. Mutu wa mbozi ukaoneka bwino, mcira umakhala m'nkhungu. Conco jambulani kawiri, cina ca mutu, cina ca mcira. Wojambula wina wa ku England, Levon Biss, mu 2016 adaonetsa ku Oxford zithunzi zazikulu za tizirombo. Kuti kacirombo kamodzi kaoneke bwino thupi lonse, ankaphatikiza zithunzi pafupifupi 8,000.

Ndiponso mbozi imodzi si munda wonse. Alangizi amaphunzitsa kuyenda m'munda mokhotakhota ngati cilembo W, kuima malo asanu, ndi kuyang'ana mapesi 10 pamalo alionse. Mukatero mudziwa ngati mbozi zili pa mapesi atatu kapena pa mapesi makumi atatu. Mungapezenso abwenzi a mlimi: nyerere zikukoka timbozi, ndi timavu tating'ono timene timaikira mazira ao m'mazira a mbozi. Munthu naye ndi munda. Mungaone colakwa cake cimodzi bwinobwino, cosakayikitsa, koma musanaweruze munthu yense, yendani m'munda wonse wa moyo wake.

7. Yankho

Tidafunsa kuti: munthu akalephera kuona bwino, vuto lili pa coonedwa kapena pa woona? Taona kuti lingakhale ponse pawiri. Mphepo imagwedeza tsamba. Mbozi imayenda. Dzuwa limalowa. Anthu ena amabisadi zocita zao, ndipo nkhani zina n'zovutadi. Izi si mlandu wa woona.

Komabe mphepo sitingailamule. Dzuwa sitingalibweze. Cimene cili m'manja mwathu ndi manja athu omwewo. Conco munthu wofuna coonadi ayambe wadzifunsa: kodi ndatsamira pa ciyani? Kodi mtima wanga watsika? Kodi nkhaniyi ndaionera poyera? Kodi wina wopanda mbali waiona? Kunjenjemera si cimo, pakuti aliyense wamoyo amanjenjemera. Mlandu umayamba pamene munthu atenga cithunzi ca utsi, n'kulumbira kuti waona bwino, mnzake n'kuvutika naco.

Inu amene mukuphunzira kulemba mwaiyamba kale nchito imeneyi. Tsiku loyamba pensulo idanjenjemera, ndipo zilembo zidapendama. Mudatsamiritsa mkono pa bondo kapena pa tebulo, mudakhala poyera, mudalemba pang'onopang'ono. Lero mukulemba dzina lanu. Dzanja lomwelo lingajambule Y wa pamutu pa mbozi, ndipo mwini dzanjalo angakhale mboni yodalirika pabwalo.

Mau ofunika kulemba

kudekha, kuzengereza, kugwedezeka, kutsamira, cithunzi, umboni, mafuwa, mlangizi

Mafunso okambirana

1. Chulani zizindikiro ziwiri za mbozi yacilendo.
2. N'cifukwa ciyani cithunzi ca mbuzi cimatuluka bwino, koma ca dzira la mbozi cimavuta?
3. Kodi nchito ya ankhoswe ikufanana bwanji ndi mafuwa atatu?
4. Fotokozani kusiyana kwa munthu wodekha ndi munthu wozengereza.
5. Kodi munthu wokwiya angakhale mboni yabwino? Ayenera kuyamba wacita ciyani?

Nchito yocita

Khalani m'magulu a anthu anayi. Gulu lililonse libwereke foni imodzi. Ikani njere ya cimanga pa pepala loyera. Jambulani koyamba mutaimirira, ndi dzanja limodzi, m'kati mwa kalasi. Jambulani kaciwiri panja, foni ili pa kathumba ka mcenga, mutacotsa dzanja. Yerekezani zithunzi ziwirizo. Aliyense alembe ciganizo cimodzi pa zimene waona.